DIGIRI YA ZA UMOYO ISATHERE M'KALASI

Munthu akanyamuka pa Ridgeway, pamene pali masukulu a za umoyo a University of Zambia pafupi ndi cipatala cacikulu ca UTH, nalondola mseu wa Independence kuloza kum'mawa, apitirira State House ndi kufika ku Woodlands. Kumeneko kuli nyumba za mipanda itali-itali, mitengo ya mthunzi ndi mageti acitsulo. Akapitiriza ndi mseu wa Leopards Hill afika mu komboni ya Bauleni, mmene mabanja angapo agwiritsa nchito cimbudzi cimodzi, ndipo azimai alawira m'mamawa kukaima pa mzere wa madzi. Ulendo wonsewu sukwana ola limodzi pa basi. Koma n'kotheka ndithu kuti munthu atenge digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka za umoyo, abvale mkanjo ndi cisoti pa tsiku la cikondwerero, asanakhalepo sabata yathunthu pa kiliniki ya mu komboni, ngakhale kukhala pansi pa msonkhano wa komiti ya za umoyo ya m'dera.

Izi siziyenera kukhala tero. Sukulu iriyonse m'Zambia imene ipereka digiri ya Master of Public Health, kapena ina yofanana nayo ya utsogoleri wa za umoyo, iyenera kulamula kuti wophunzira aliyense atumikire anthu a dera limodzi kwa miyezi yambiri asanalandire pepala lake. Kutumikira kumeneku kukhale mbali ya mayeso, ndipo eni dera akhale ndi mau ponena ngati wophunzirayo wagwira bwino nchito kapena iai.

KODI OPHUNZIRA AMENEWA NDANI?

Ambiri a iwo si ana ongocoka kumene ku sekondale. Ndi madotolo, anamwino, ma clinical officer, a za ukhondo ndi ena amene agwira kale nchito zaka zingapo. Akatsiriza maphunziro, kawiri-kawiri sabwerera kukabaya jekeseni kapena kupima odwala. Apatsidwa maofesi ku unduna, ku maboma, ku zipatala za mishoni ndi ku mabungwe othandiza. Iwo ndiwo alemba bajeti, agawa anamwino m'makiliniki, aitanitsa mankhwala, naonetsetsa kuti ambulansi iri ndi mafuta ndipo firiji ya katemera siinazime.

Dotolo akalakwa, abvutika ndi wodwala mmodzi. Koma woyang'anira za umoyo m'boma lonse akalakwa pa pepala, kiliniki ya kumudzi ikhala mwezi wathunthu yopanda mankhwala a malungo, ndipo mai wapakati afika usiku napeza palibe mzamba. Cotero nkhani iyi si ya anthu a mu Lusaka okha. Amene aphunzira lero pa Ridgeway ndi m'mayunivesite ena a mu mzindawu ndi amene mawa adzatumizidwa ku Katete, Petauke, Lundazi, Chadiza kapena Luangwa. Mmene awaphunzitsira ndi mmenenso adzalamulira.

ZIMENE ZAKA ZAPITAZI ZAPHUNZITSA

Mu 1992 boma linayamba kukonzanso nchito za umoyo, pamene nduna anali a Dr. Boniface Kawimbe ndipo wotsatira wao anali a Dr. Katele Kalumba. Colinga cinali cakuti cithandizo cifike pafupi ndi banja, ndiponso kuti mphamvu ndi ndalama zicoke ku likulu zipite ku maboma. Lamulo la 1995 linabala bungwe la Central Board of Health, ndipo m'midzi ndi m'makomboni munakhazikitsidwa makomiti ochedwa Neighbourhood Health Committee, kuti anthu wamba azikhala ndi mau pa nchito za kiliniki yao. Bungwe lija linathetsedwa mu 2006, koma makomiti alipo kufikira lero.

M'zaka zomwezo, kuyambira 1993, odwala anayamba kulipira kangacepe pa kiliniki. Pa pepala zinaoneka zanzeru: munthu akaponyapo kanthu, cipatala cipeza ndalama zogulira sopo ndi kukonzera zitseko. Koma pa khomo la kiliniki panaoneka zina. Osauka ambiri anayamba kucedwa kubwera, ena kubwerera kunyumba ndi mwana kumsana cifukwa cosowa ndalama. Malipirowa anacotsedwa kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 anacotsedwa m'makiliniki onse a boma. Panapita zaka zambiri kuti a mu ofesi abvomereze cimene mlonda wa pa geti ndi mai wosesa pa kiliniki anali kuona tsiku ndi tsiku. Mtsogoleri amene anakhalapo pa benchi ya odwala sacedwa kuzindikira zotere.

Phunziro lina lowawa ladza ndi kolera. Mu October 2017 matendawa anabuka mu komboni ya Chipata mu Lusaka, nafalikira ku Kanyama ndi kwina. Pofika pa 12 May 2018 anthu 5,905 anali atadwala m'dziko lonse. Mwa iwo 5,414 anali a mu Lusaka, ndipo 98 a mu mzindawu anamwalira. Asilikali anacotsa ogulitsa malonda m'miseu, misika ina inatsekedwa, ndipo bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Mu October 2023 kolera inabweranso mwamphamvu koposa. Odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, ndipo ana a sukulu anakhala kunyumba mpaka pa 12 February 2024.

Komatu mankhwala a kolera ndi odziwika kale. Wodwala akabwezeredwa msanga madzi m'thupi, pomwa madzi a mcere ndi shuga kapena pa diripi, safa munthu ngakhale mmodzi pa anthu 100. Nanga n'cifukwa ciani anthu anatha cotere? Ambiri anafera kunyumba kapena m'njira. Wina anayamba kutsegula m'mimba usiku nadikira kuti kuce. Wina anaopa kuti akamwalira ku malo a kolera abale sadzaloledwa kusambitsa mtembo ndi kuika maliro mwa mwambo. Wina anapitiriza kutunga pa citsime cosazama cifukwa pompi ya m'dera inali itauma, kapena ndalama ya madzi panalibe. Zonsezi si nkhani za mu laboratore. Ndi nkhani za kayendetsedwe ka nchito: malo othandizira aikidwe pati, atsegulidwe nthawi yanji, uthenga upite ndi ndani kuti anthu aukhulupirire. Mayankho ake adziwa ndi anthu a m'deralo, ndipo awapereka kwa munthu amene amuzolowera.

NJIRA IYI SI YACILENDO

Mu 1854 ku London, dotolo wina dzina lake John Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene mabanja oferedwa anali kutunga madzi, mpaka anapeza kuti kolera inali kucokera pa mpope wa mu mseu wa Broad Street. Amene anamuthandiza kutsimikiza nkhaniyi anali mbusa wa m'deralo, a Henry Whitehead, amene anali kudziwa banja ndi banja. Kucokera pa ciyambi pomwe, nzeru za m'buku zinafuna mnzake wodziwa anthu.

Ku South Africa, mu 1940, a Dr. Sidney Kark ndi akazi ao a Dr. Emily Kark anatsegula kiliniki ya Pholela ku Natal. Iwo sanakhale kudikira odwala. Anaphunzitsa anthu a komweko kuyendera makomo, kuwerenga obadwa ndi omwalira, ndi kulimbikitsa madimba a ndiwo zamasamba. Ophunzira za udotolo anali kupita kumeneko kukaona mmene umoyo wa mudzi wonse ausamalira. Maganizo otere ndi amene maiko anagwirizana pa msonkhano wa ku Alma-Ata mu 1978, kuti anthu ali ndi ufulu ndiponso udindo wotengako mbali pokonza nchito za umoyo wao.

Pafupi pompano, University of Zimbabwe mu 1993 ndi Makerere ya ku Uganda mu 1994 anayamba maphunziro a Master of Public Health mwa dongosolo lochedwa Public Health Schools Without Walls, ndiye kuti sukulu zopanda zipupa. Wophunzira anali kuthera nthawi yambiri mu ofesi ya za umoyo ya cigawo kapena ya boma, nabwera ku kalasi kwa masabata owerengeka. Ku Malawi, ophunzira a sukulu ya udotolo ya ku Blantyre akhala akupita ku Mangochi kukaphunzira za umoyo wa anthu a kumudzi.

Ngakhale m'Zambia citsanzo ciripo. Mu 2014 kunayamba maphunziro a Field Epidemiology Training Programme, amene aphunzitsa akatswiri olondola miliri. Wophunzira athera gawo lalikulu la zaka ziwiri ali pa nchito yeni-yeni, ndipo ophunzira amenewa anagwira nao nchito yofufuza gwero la kolera ya 2017 ndi 2018. Sukulu ya za umoyo wa anthu ya University of Zambia, imene inaima payokha mu 2016, iri ndi mbali m'maphunziro amenewa. Tsono ngati njirayi yathandiza kwa olondola miliri, palibe cifukwa coimanira amene adzagwira cikwama ca ndalama ndi kulamulira anchito.

KUCEZA SI KUTUMIKIRA

Pano m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Anthu a ku Bauleni, Kalingalinga, Mtendere, Chawama ndi Kanyama awadziwa bwino alendo onyamula mapepala a mafunso. Afika ndi galimoto, afunsa kuti banja lidya kangati pa tsiku, cimbudzi ciri kuti, mwana anamwalira ndi ciani, athokoza, napita. Mayankho aja asanduka buku la Cizungu limene likhala pa shelefu ya laibulale, mwini wake nakwezedwa pa nchito. Caka camawa kubwera wina ndi mafunso omwewo. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Anthu akatopa ndi mafunso opanda phindu ayamba kuyankha mwa cinyengo kapena kutseka citseko, ndipo tsiku limene mliri wabuka akhulupirira mphekesera koposa a zaumoyo.

Kufufuza n'kofunika, ndipo palibe amene anena kuti kuleke. Koma kuphunzira potumikira kuli ndi zizindikiro zitatu zimene kuceza kulibe.

Coyamba, bvuto logwirirapo nchito alisankha pamodzi wophunzira, wamkulu wa kiliniki ndi komiti ya m'dera. Mwina wophunzira afuna kulemba za matenda amene achuka m'mabuku, pamene anthu adandaula kuti pa tsiku la sikelo azimai aima pa dzuwa kuyambira 6 koloko mpaka masana. Bvuto la anthu ndilo litsogole.

Caciwiri, nchitoyo isiye kanthu kooneka. Kungakhale kukonza kaundula wolondolera odwala cifuwa cacikulu amene aleka mankhwala pakati. Kungakhale kulongosola makadi a m'cipinda ca mankhwala kuti adziwe msanga cimene catsala pang'ono kutha. Kungakhale kujambula mapu a zitsime, zimbudzi ndi malo amene madzi aima nthawi ya mvula, ndi kupita nao kwa khansala ndi ku kampani ya madzi pamodzi ndi a komiti. Zimenezi ndizo nchito zeni-zeni za woyang'anira, ndipo poyesa kuzigwira wophunzira aona yekha pamene dongosolo la boma lithyokera.

Cacitatu, wophunzira abwerere kwa mphunzitsi wake kawiri-kawiri kukafotokoza cimene caciticka ndi kuciyerekeza ndi za m'buku. N'cifukwa ciani msonkhano umene anaitana pa Ciwiri m'mawa panabwera anthu asanu okha? N'cifukwa ciani eni nyumba za lendi anakana kumanga zimbudzi zina? Popanda kusinkha kotere, munthu angothamanga-thamanga m'dera osaphunzira kanthu.

WOODLANDS NAYO IKHALE KALASI

Ena aganiza kuti nchito yotere ndi ya ku makomboni kokha, ngati kuti kumayadi kulibe mabvuto a umoyo. Uku n'kulakwa. Pansi pa mbali yaikulu ya Lusaka pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, mmene madzi ayenda msanga osasefedwa bwino. Ku Woodlands Extension ndi ku Chalala nyumba zambiri zidalira borehole ndi septic tank pa poloti imodzi. Akatswiri alangiza kuti ziwirizi zitalikirane mamita 30, koma pa mapoloti ang'ono-ang'ono borehole ya uyu ipezeka kuti yayandikana ndi dzenje la mnansi wake. Mu 2018 boma linalamula kuti borehole iriyonse ilembetsedwe ku bungwe la WARMA. Koma kulembetsa si kupima madzi, ndipo madzi oyera m'maso angathe kukhala ndi tizirombo.

Cinanso, mpanda suletsa matenda. M'mawa uliwonse anthu acoka ku Bauleni, Chilenje ndi Mtendere kukaphika, kucapa, kulera ana, kulima maluwa ndi kulonda m'nyumba za ku Woodlands ndi Kabulonga. Mai amene aphikira banja la abwana angadwale m'mimba koma nabwerabe ku nchito, poopa kudulidwa malipiro. Mlonda amene atsokomola miyezi iwiri alibe tsiku lopita ku cipatala ca Chilenje cifukwa masana ndiyo nthawi yake yogona. Nao abwanawo abvutika ndi BP ndi shuga, matenda amene sasankha komboni kapena yadi. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Wophunzira amene apatsidwa dera lophatikiza Woodlands ndi Bauleni aphunzira zimene sangazipeze kwina: kugogoda pa geti ya munthu wa udindo ndi kum'pempha kuti madzi ake apimidwe, kukambirana ndi olemba anchito kuti wanchito wodwala apatsidwe tsiku lopita ku kiliniki, ndiponso kukhazika pa benchi imodzi anthu amene akumana tsiku ndi tsiku koma sanakambepo za umoyo wao. Woyang'anira amene adziwa kulankhula ndi osauka okha, kapena ndi olemera okha, wadziwa theka la nchito yake.

MADANDAULO AMENE ALIPO

Zobvuta zake zilipo, ndipo n'zosayenera kuzibisa. Ambiri mwa ophunzirawa ali pa nchito, adzilipirira okha sukulu, ndipo aphunzira madzulo kapena ali kutali. Kuwauza kuti asiye nchito miyezi 6 n'kuwathamangitsa. Koma kutumikira sikufuna kuti munthu asiye nchito. Tsiku limodzi pa sabata kwa caka cathunthu lipindulitsa koposa masabata awiri otsatizana, pakuti wophunzira aona dera m'cilimwe ndi m'dzinja momwe. Amene agwira nchito ku Nyimba kapena ku Mambwe atumikire komweko, mphunzitsi namulondola pa foni ndi kum'yendera pa nthawi yake.

Ena ati ndalama kulibe. Zoona, mafuta a galimoto ndi nthawi ya mphunzitsi zidya ndalama. Koma mtengo wa basi yocoka pa Ridgeway kupita ku Kabwata, Chelstone kapena Bauleni sungafanane ndi mtengo wa msonkhano wa masiku atatu mu hotela, wokhala ndi cakudya ca masana ndi alawansi. Unduna ndi mabungwe othandiza angopatulako pang'ono pa ndalama za misonkhano.

Dandaulo lolemera koposa ndi la anamwino. Kiliniki imene iri ndi anchito ocepa siifuna mlendo wina wofunika kum'sonyeza ciriconse, makamaka mlendo amene adziona ngati bwana wa mawa. Ici ndi cifukwa cake wamkulu wa kiliniki ayenera kuyesedwa mphunzitsi weni-weni, wolembedwa dzina ndi yunivesite, wopatsidwa kangacepe, ndiponso wokhala ndi mphamvu yobweza wophunzira wamwano. Boma nalo lisaone ophunzirawa ngati anchito aulere olowa m'malo mwa anamwino amene liyenera kulemba.

Pomaliza pali nkhani ya cinsinsi. Wophunzira aona makadi a odwala, ndipo alowa m'nyumba za anthu. Amene aulula matenda a munthu, kapena kujambula ana a eni ake ndi kuwaika pa Facebook kuti aoneke wacifundo, alangidwe monga mmene alangira wobera mayeso.

ZOYENERA KUCITIKA

Yunivesite iriyonse ipangane ndi ofesi ya za umoyo ya boma la Lusaka, kapena ya boma lina, pangano lolembedwa la zaka zosacepera 5 pa dera limodzi, kuti gulu la caka cino lipitirize pamene la caka catha linalekezera. Kumene kuli kale dongosolo lotumiza ophunzira ku maofesi, nthawi yake italikitsidwe, ndipo afike mpaka pa kiliniki ndi pa khomo la munthu.

Wophunzira asanapereke buku lake kwa aphunzitsi, ayambe waima pamaso pa komiti ya m'dera, akulu a mipingo ndi a m'misika, nafotokoza m'Cinyanja kapena m'cilankhulo ca komweko cimene wapeza ndi cimene wacita. Munthu amene alephera kufotokozera agogo a ku Bauleni cifukwa cake madzi a m'citsime afunika kuthira klorini adzalepheranso kutsogolera boma lathunthu pa nthawi ya mliri. Ndemanga ya komiti ndi ya wamkulu wa kiliniki iwerengedwe pa malikisi. Bungwe la Higher Education Authority, limene libvomereza maphunziro a m'mayunivesite, lifunse za mbali imeneyi lisanabvomereze digiri yatsopano. Unduna wa za Umoyo nawo polemba oyang'anira uzifunsa kuti munthuyo anatumikira kuti, ndipo anasiyako ciani.

Makomiti a m'madera asadikire kuti zonsezi zicokere kumwamba. Wophunzira akafika ndi kalata yopempha kufufuza, am'landire mwa ulemu, koma am'funse mafunso atatu: anthu a pano apindula ciani, zotsatira zidzabwera liti, ndipo adzabwera nazo ndani. Mayankho alembedwe m'buku la komiti, ndipo amene sasunga lonjezo dzina lake libwezedwe ku sukulu yake.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, ndipo ambiri a iwo akhala m'makomboni. Mvula idzagwanso, ngalande zidzadzalanso, ndipo wina adzayenera kulamula kuti matanki a madzi aikidwe pati ndi kuti anamwino a usiku apite kuti. Ndi bwino kuti munthu ameneyo akhale wodziwa kale njira za m'deralo ndi maina a a komiti, ndipo iwonso akhale omudziwa.